Nsapato ya Kumanzere

9 Febuluwale

Okondedwa Achimwene,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu? Chifuwa cha guluu wa kufakitale chija chinatha? Kuno tili bwino. Amayi akudandaula mawondo monga mwa nthawi zonse, koma akudya.

Kalatayi ndawapatsira adalaivala a basi aja chifukwa pafoni sindimasuka. Mukuwadziwa amayi: amati samva, koma ndikangoti "achimwene" amatulukira ndi tsache n'kuyamba kusesa pomwe ndakhalapo.

Nkhani yoyamba ndi yabwino. Lamlungu lapitali ndinaima kutsogolo kwa mpingo n'kupereka umboni. Ndinafotokoza zonse za mlendo wathu uja, matenda a mitsempha amene adokotala amangoti MS. Ndinanena momwe anabwerera koyamba ndili kusekondale, diso n'kuchita chifunga, kenako n'kuchoka yekha. Ndinanena za ulendo wachiwiri, mwendo utafa, inu mukundinyamula kupita kubafa. Ndinanenanso za wachitatu, dzanja likugwetsa makapu. Ndiye ndinati: abale, papita zaka mlendoyu osagogodanso, ine ndachira. Anthu analira, achimwene. Amayi a kwaya anandikumbatira mpaka magalasi anga anapindika.

Tsopano ndiulule, poti sindifuna mudzamvere kwa ena. Jakisoni uja ndinasiya mu Novembala. Ndinaona kuti sindingaime pamaso pa Mulungu n'kumati ndachira, kunyumba ndikudzibaya pantchafu ngati munthu wokayika. Sindinataye. Ali mufiriji, kuseri kwa mkaka. Mwina pamenepo ndiye pakuonekera kuchepa kwa chikhulupiriro changa. Mundipempherere.

Nkhani yachiwiri ndi pempho. Nsapato zakuda zija zatha. Ngati kufakitale kuli zina zotsala, munditumizire, saizi yomwe ija. Kushopu yathu ya fotokope timaima tsiku lonse, ndipo abwana safuna masilipasi.

Yachitatu sindikudziwa kuti ndiilembe bwanji. Amayi akuti akumamva malemu abambo. Akuti masana akagona pang'ono amamva munthu akukhwekhwereza phazi mukolido, mmene ankayendera abambo atadwala sitiroko. Ndawauza kuti ndi maganizo, ndipo tapempherera nyumba yonse. Musawafunse, angadziwe kuti ndakuuzani.

Ine mlongo wanu.

2 Malichi

Mayi Busa,

Moni. Tili bwino, chifuwa chinatha, alamu ako akuti uwapempherere apeze mwamuna wina wosanunkha guluu.

Nsapato ndi izo m'katonimu. Koma tandiuza chilungamo. Kodi wamera miyendo ina? Chaka sichinathe, izi ndi zachitatu. Nsapato zimenezi soli yake ndimamata ndekha, ndipo anamwino amavala mpaka kutopa nazo osatha. Ine ndadziwa: ukumapereka kwa amayi ovutika a kutchalitchi. Sindikuletsa kuchita zachifundo, koma uzichita ndi nsapato zako, osati ndi msana wanga.

Za jakisoni zandikwiyitsa, ndisakunamize. Umboni wako ndaumva, ndipo ndathokoza nawo. Koma Mulungu amene anakuchiritsayo si yemwenso analenga adokotala? Ukadawafunsa kaye iwowo. Ine ndi amene ndinkakunyamula, ukumbuke, ndipo panopa wanenepa. Ndinakuimbira kuti tikambirane, iwe n'kungoti "ndili bwino, amayi ali pano," foni thi. Pita kuchipatala ukawauze zomwe wachita. Akakukalipira, ukalire, ukabwereko.

Za abambo usade nazo nkhawa. Munthu amene wakhala ndi mnzake zaka zonse zija, makutu ake amazolowera. Inenso nthawi zina ndimamva mluzu wawo mumsewu. Komanso kolido ija imakuza mawu, mphemvu ikadutsa umangoti ndi mbuzi. Uone ngati si chitseko cha kubafa chikukhuza pansi.

Undiyankhe za kuchipatala. Usandiyankhe ndi vesi.

Mlongo wako wosapemphera mokwanira.

20 Malichi

Mwana wanga,

Moni ndine mayi ako. Ndalemba ndekha mlongo wako ali kuntchito, ukhululuke zilembo maso atha. Uli bwanji ndi apongozi anga. Unditumizire mafuta opaka mawondo aja.

Mlongo wako akukuuza kuti ndasokonezeka mutu, ndikudziwa. Sindinasokonezeke. Abambo ako akumabwera. Sabwera usiku ayi, amabwera masana kukuwala. Ine ndagona chitseko chili chotseka, ndimamva phazi limodzi gu, linalo khwee. Gu, khwee. Kuchokera kuchipinda mpaka kukhitchini, monga ankachitira akamakatenga madzi omwera mapilitsi. Ine kuyenda kumeneko ndinakumva zaka zambiri, sindingakusokoneze ndi chitseko cha kubafa.

Chomwe ndaona amabwera mlongo wako akakhala pakhomo, Loweruka masana ndi Lamlungu tikaweruka. Masiku a ntchito nyumba ili zii. Ndiye ndikuti abwerera iyeyu. Ankamukonda kuposa iwe, usakwiye ukudziwa. Ine mantha andigwira kuti kapena akufuna kumutenga. Koma tsiku lina ndimati kapena akungomulondera.

Sinditsegula chitseko. Ndikatsegula n'kupeza palibe munthu ndidzatani. Ndikapeza alipo ndidzatani. Ndimangogona n'kumvetsera, ndipo ndisakubisire mwana wanga, ndimagona bwino kuposa kale.

Usamuuze mlongo wako kuti ndalemba.

Mayi ako.

11 Epulo

Achimwene,

Moni m'dzina la Ambuye. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinakwiya, ndipo mkwiyowo ndaulapa. Koma mawu anu anandipweteka. Ine sindinapereke nsapato zanu kwa munthu aliyense. Kuti mukhulupirire, ndasonkhanitsa zonse zakutha zija pansi pa bedi, ndazibweza m'katoni yanu yomweyi. Muziwerenge nokha. Ngakhale za mu Malichi zayamba kale kudyeka. Mwina guluu wanu ndi amene wasintha.

Kuchipatala sindinapite. Ndikanakanena chiyani? Mlendo akabwera ndimamudziwa. Amabwera ndi phokoso: diso, mwendo, dzanja, zonse m'masiku ochepa. Panopa palibe chimene chabwera. Ndimangotopa madzulo, ndipo ndani satopa?

Koma pali china. Nanenso ndawamva abambo.

Linali Loweruka, ndikuchokera kokayanika zovala, beseni lili m'manja. Nditalowa mukolido ndinamva kumbuyo kwanga, khwee. Ndinaima. Nayenso anaima. Ndinayenda, khwee. Sindinacheuke, achimwene. Ndinayamba kunena Salimo la m'busa mokweza mpaka kukhitchini, ndipo anandiperekeza mpaka pakhomo, pomwe pamayambira kapeti. Pamenepo anasiya.

Kuyambira tsiku limenelo amanditsata. Kuntchito m'mawa kulibe, koma ikamakwana nthawi yoweruka, ndikamadutsa pakati pa makina a fotokope ndi tebulo lodulira mapepala, ndimawamva pansi pa phokoso la makina. Mnzanga wa pakauntala anandifunsa kuti, "Asisi, mwatopa? Mukuyenda ngati mwasenza simenti." Ndinangoseka. Pamasitepe otsikira mumsewu ndaphunthwa kawiri sabata ino, ngati wina wandigwira chala chaphazi.

Ndikudziwa kuti Mkhristu sayenera kukhulupirira zoti akufa amayenda. Ndikudziwa. Koma ndimakumbukira momwe ndinkawadutsira abambo mukolido muja ndikuthamangira kusukulu, iwo atatsamira khoma kuti ndidutse. Ankati, "Thamanga mwanangu, thamangira tonse awiri." Mwina akufuna ndiziyenda nawo pang'onopang'ono tsopano.

Abusa sindinawauze. Munthu amene wachitira umboni dzana, lero akanene kuti akutsatidwa ndi mzimu?

Mlongo wanu.

18 Epulo

Mlongo wanga,

Sindikupatsa moni wautali. Foni yako sukuyankha, amayi akayankha amangoti "eya, eya" osamva kanthu. Werenga izi kawiri.

Katoni yafika. Pepa, ndinakunamizira. Nsapato zonse ndaziyala pabenchi langa kuntchito, za kumanja uku, za kumanzere uku. Za kumanja zonse ndi zabwinobwino, ndikhoza kuzipukuta n'kuzigulitsa. Za kumanzere zonse zadyeka malo amodzi, kutsogolo, pansi pa chala chachikulu. Chidendene sichinakhudzidwe n'komwe. Yakalekale ija yadyeka pang'ono. Ya chaka chatha yadyeka kwambiri. Yomalizayi, ya Khirisimasi, yabooka.

Ine nsapato yotere ndinaionapo. Ukukumbuka ndili mnyamata ndinkadula tayala lakale n'kukhomera kutsogolo kwa nsapato ya abambo? Ntchito imene ndikudyera lero ndinaiphunzirira pa nsapato imeneyo. Nditaona zakozi ndinakhala pansi, kapitawo mpaka anandifunsa ngati kwagwa maliro.

Si abambo akukutsata. Ndi phazi lako. Silikudzuka bwino ukamaponda, likukhwekhwereza, ndipo iwe sukulimva chifukwa mwendo umenewo sunabwerere wonse chichokereni ulendo wachiwiri uja. Pakapeti phokoso limatha chifukwa ndi pakapeti. Amayi amawamva Loweruka chifukwa Loweruka ndi pamene iwe uli pakhomo.

Ukuti mlendo sanagogode. Mwina safunikanso kugogoda.

Tenga nsapato imene wavalayo, upite nayo kwa adokotala mawa, osati mkuja. Masitepe a kuntchito kwanu aja ndimawadziwa. Chonde.

Mlongo wako.

29 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Moni m'dzina la Ambuye amene sanandisiye. Zikomo chifukwa choimba foni tsiku lililonse ndili m'chipatala, ngakhale ndinkangolira. Zimene sindinathe kunena pafoni ndi izi.

Kalata yanu ya mu Epulo inandipeza ndili kale pabedi la m'wodi. Adalaivala anawasinthira msewu wina, ndiye inakhala m'galimoto mwawo mpaka anakumana ndi amayi kudepoti. Musawakwiyire. Foni ndinkaiona ikulira, ndine ndinkaisiya dala.

Mlendo anabwera Lachinayi lina. Ndinadzuka miyendo yonse ili dzanzi mpaka m'chiuno, ngati ndavala thalauzi la munthu wina. Ndinapitabe kuntchito, ndikuti ndi mayesero. Pobwerera ndinagwa pamasitepe. Sindinathyoke, ndinangong'ambika pachibwano. Amene anandinyamula ndi bambo wogulitsa utoto pansi paja, malaya ake onse magazi.

Anandiika madiripu, anandilowetsanso m'makina aphokoso ojambula ubongo aja. Adokotala ndi mayi yemwe uja wa tsitsi la imvi. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anandionetsa chithunzi chakale ndi chatsopano. Chatsopanocho chili ndi timadontho toyera tambiri, tina m'mutu, tina mumsana. Anati, "Timadonthoti si tonse tinakupwetekani. Tina tinabwera mwakachetechete."

Ndinawauza kuti zaka zonse zija ndinali bwino. Anati, "Eya. Munali bwino chifukwa munkabaya." Ndinasowa poyang'ana.

Ndinawafunsa ngati diripu ibweze phazi. Anati diripu imangothandiza kuti mlendo achoke msanga, koma siiuza mlendo zoti asiye. Anati ulendo uliwonse amatha kupita ndi kanthu, nthawi zina kakang'ono moti munthu sazindikira, thupi n'kumabisa, kufikira zotengedwazo zitachuluka. Anatinso matendawa amatha kumakwawa pansipansi popanda kugwa kulikonse, n'chifukwa chake amafuna kumandiona ngakhale ndili bwino. Za phazi anati sangalumbire kuti linayamba liti. Mankhwala sabweza zomwe zapita. Amalondera zotsala.

Ine zaka zonsezi ndinkangowerenga kuti wabwera, wapita, wabwera, wapita, aleluya. Sindinkayang'ana m'nyumba kuti wapita ndi chiyani.

Kalata yanu ndinawaonetsa, ndi nsapato yomwe. Anaitembenuza n'kuika chala pomwe inadyeka paja, anati achimwene anuwo muwathokoze.

Tsopano chimene chikundilemera. Munalemba kuti sindinkalimva phazi. Ndi zoona, koma si zoona zonse. Tsiku la beseni lija, nditaima iye n'kuima, china chake mumtima chinandiuza. Ndikanangoyang'ana pansi. Sindinayang'ane. Ndinasankha kuti akhale abambo, chifukwa abambo ndikanawapempherera n'kupita, ndipo umboni wanga ukanakhalabe. Ndinalola amayi agone ndi mantha kuti ine ndisachite manyazi kutchalitchi. Limeneli ndiye tchimo langa, osati jakisoni wa kuseri kwa mkaka.

Dzanzi latsika, latsala m'mapazi. Mwendo wa kumanja wabwerera. Wa kumanzere ayi. Akufuna kundiyambitsa mankhwala ena amphamvu, a diripu ya apo ndi apo, ndipo ndavomera. A mafizo, olimbitsa miyendo aja, andipangira chipulasitiki chogwira kuyambira pakatumba mpaka pansi pa phazi, kuti lisamagwe. Koma sichilowa mu nsapato iliyonse imene ndili nayo.

Ndiye ndabweranso ndi pempho lomwe lija. Musaseke.

Mlongo wanu.

7 Juni

Mayi Busa,

Moni. Sindinaseke. Chabwino, ndinaseka pang'ono.

Ndi izo. Ya kumanja ndi saizi yako, ya kumanzere ndi yokulirapo, yotakasuka pakamwa, ya zingwe kuti uzimanga mmene chipulasitikicho chikufunira. Ya kumanja ndaikweza pang'ono mkati kuti usamayende chopendekeka. Kapitawo anati fakitale sigulitsa nsapato zosiyana, ine ndinati sindikugula, ndikupanga. Zikathina unene, usapirire. Kupirira kwako tatopa nako.

Kutsogolo sindinakhomereko tayala. Ndinaligwira m'manja, ndinalibweza.

Za tchimo lakozo ukambirane ndi Mwini wake, ine si m'busa. Ine ndikungodziwa kuti ndinaona nsapato zitatu zikupita, n'kuganiza za msana wanga.

Tsiku la diripu undiuze, ndipempha tchuthi. Amayi wawauza?

Mlongo wako.

16 Julayi

Okondedwa Achimwene,

Moni m'dzina la Ambuye. Munafika bwino? Alamu anakulandirani, kapena anapeza kale wosanunkha guluu uja? Nsapato zikukwana. Diripu siinandivute, kupatula kutopa kwa tsiku lotsatira. Abwana andisamutsira pakauntala kuti ndizikhala pansi, ndipo masitepe ndimakwera nditagwira chitsulo, ndodo ili kudzanja linalo.

Lamlungu ndinapempha kuyankhulanso kutsogolo. Kanjira ka pakati pa mabenchi sindinkadziwa kuti ndi kotalika choncho. Ndinati: abale, ndinakuuzani kuti ndachira. Sindinachire. Mulungu anandipatsa zaka zabwino kudzera m'mankhwala, ine ndinathokoza zakazo n'kutaya mankhwalawo. Ngati pali wina pano amene wabisa mapilitsi ake chifukwa cha mawu anga, akawatenge lero. Panalibe amene anaombera m'manja. Ena ankayang'ana pansi, ena ankayang'ana mwendo. Potuluka, amayi a kwaya aja anandigwira dzanja, ndipo sanalisiye msanga.

Munafunsa za amayi. Muli kuno munaona nokha kuti nkhaniyi amaizemba. Ndinawauza zonse nditangotuluka m'chipatala, ndinawaonetsa ndi pomwe nsapato inadyeka. Anangoti, "Oho," n'kupita kukatsuka mbale zotsuka kale.

Chivalireni chipulasitikichi, mukolido muli zii. Ndimadutsa ngati munthu wina aliyense. Ndinkayesa amayi asangalala. Koma anasiya kugona masana. Amakhala pampando wa m'chipinda mwawo, chitseko chili pululu, manja ali pamiyendo. Kudya achepetsa. Tsiku lina ndikuwapaka mafuta m'mawondo anati, "Abambo ako apitanso." Ndinati amayi, sanabwere n'komwe, ndinali ine. Anati, "Ndamva. Koma apita."

Ndiye ndiulule china, ndipo musawauze adokotala.

Loweruka lapitali masana ndinatseka chitseko chawo, ndinati agoneko pang'ono. Ndinakhala pabedi langa, ndinamasula zingwe, ndinavula chipulasitiki. Ndinavala nsapato zakale za mu Malichi zija. Ndinatuluka n'kuyenda kuchokera kuchipinda mpaka kukhitchini, dzanja lili kukhoma, pomwe penti inada ndi dzanja la abambo. Gu, khwee. Gu, khwee. Nthawi ino ndinayang'ana pansi, ndinaliona phazi langa likukoka chala pasimenti, ndipo ndinaona kuti likukoka kwambiri kuposa mu Epulo. Nditafika pakapeti ndinaima.

M'chipinda munali chete. Kenako ndinamva mawu awo kuseri kwa chitseko, osakweza:

"Ndikudziwa kuti ndiwe, mwanangu."

Ndinati, "Eya, amayi."

Anati, "Wagwira khoma?"

Ndinati ndagwira.

Anati, "Dutsanso kamodzi. Kenako ukavale chinthu chakocho."

Ndinadutsa. Nditabwerako ndinasuzumira, ndinapeza agona.

Ine mlongo wanu.